Ndagwa katatu m'zaka ziwiri: kodi kupirira kuli ndi malire?

MmisiriWaZitsulo
Anzanga a pagulu lino, ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu kwa nthawi yaitali osalembapo kanthu, koma lero ndaganiza zokutulirani nkhawa yanga chifukwa kunyumba sindingathe kuiyankhula momasuka. Ine ndine wowotcherera zitsulo, ndipo ndinkapanga mageti ndi mafelemu a zitseko ndi mawindo ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi adayamba kuzima pafupifupi tsiku lonse, moti ndinkadzuka pakati pa usiku kuti ndigwire ntchito pa maola ochepa amene ayakawo. Makasitomala ambiri adapita kwa anzanga amene anali ndi jenereta, koma ndidapirira.

Mu Marichi 2023 kudabwera namondwe wa Freddy. Matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche zidakokolola shedi yanga pamodzi ndi makina owotcherera, galayinda ndi mageti awiri amene eni ake anali atalipira kale. Ine ndi banja langa tidapulumuka, ndipo sindidzaiwala kuti anansi athu ena tidachita kuwafukula m'matope ndi makasu. Titachoka kumsasa, mayi a kunyumba adanditengera ngongole kubanki m'khonde yawo, ndidagula makina ogwiritsidwa kale ntchito, n'kuyambiranso. Mu Okutobala chaka chomwecho ndidalandira oda ya mafelemu a nyumba yonse, tidagwirizana mtengo, ndipo ndisanamalize kugula zitsulo ndalama ya kwacha idagwa mu Novembala. Zitsulo zidakwera sabata yomweyo, mwininyumba adakana kuwonjezera ngakhale tambala, ndipo ntchitoyo ndidaimaliza ndi ndalama za ngongole. Makinawo ndidagulitsa, ngongole idakalipo, ndipo panopa ndimangoyendera maganyu m'mashedi a anzanga.

Aliyense amene ndimamufotokozera amandiuza kuti ndilimbe mtima. Mawu amenewa ndatopa nawo. Mlamu wanga akundiitana ku Joni. Funso langa ndi ili: kodi munthu amadziwa bwanji kuti apa n'pofunika kupirira, ndipo apa n'pofunika kusiya n'kuyamba zina?

Phwiti77
Pepani kwambiri achimwene. Musataye mtima, pajatu akuluakulu adati kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa.

MmisiriWaZitsulo
Zikomo a Phwiti77, koma phwitiyo analibe ngongole imene imabereka K20 pa K100 iliyonse mwezi ndi mwezi.

MayiWaUsipa
Bambo, yankho lanulo landiseketsa ngakhale nkhaniyi si yoseketsa. Ndiloleni ndikufotokozereni zanga, mwina mutolapo kanthu. Ine ndimapikula usipa wouma kunyanja ku Mangochi n'kumagulitsa mumsika wa Limbe, ndipo ntchito imeneyi ndaigwira zaka zoposa khumi. Chaka china m'nyengo ya dzinja ndidaika mpamba wanga wonse pa ulendo umodzi chifukwa usipa unali wotsika mtengo. Galimoto imene tidakwera idafera panjira usiku, mvula idagwa mpaka m'mawa, lona linali lobooka, ndipo pofika ku Limbe matumba onse anali atayamba kununkha. Ndidagulitsa kwa oweta nkhuku pamtengo wotaya. Ndidakhala miyezi inayi ndikuchapa zovala za anthu.

Chimene ndidaphunzira si chakuti ndilimbe mtima, chifukwa mtima wanga unali wolimba kale. Ndidaphunzira kuti mpamba sauika m'thumba limodzi. Kuyambira nthawi imeneyo ndimagawa ndalama patatu: ina yokapikulira, ina yotsala kunyumba imene sindiikhudza ngakhale kunyanja kutatchipa motani, ndipo ina ndimagulira mbuzi kumudzi. Mbuzi zimenezo zandiwombola kawiri. Anzanga amandiseka kuti ndimakula pang'onopang'ono ngati kamba, koma ena mwa ondisekawo lero kumsika kulibe. Inu bambo, pa zinthu zitatu zimene mwatchulazo, ziwiri sizinali m'manja mwanu, koma chachitatucho chili ndi phunziro, ndipo ndikukhulupirira kuti amisiri anzanu a pagulu lino akuuzani bwino kuposa ine.

MphunzitsiWopuma
Mayi anena zomveka. Ine ndikufuna ndiwonjezere za mawu enieniwo, poti ntchito yanga inali yophunzitsa Chichewa. M'chiyankhulo chathu kupirira ndi kulimbikira si chinthu chimodzi, ngakhale timazisakaniza. Wopirira amasenza cholemera osadandaula, monga mmene munthu amapiririra ululu wa dzino mpaka kutacha. Wolimbikira amachitapo kanthu, amayesa apa, akalephera amayesa apo. Anthu akamakuuzani kuti limbani mtima, ambiri amatanthauza kupirira, ndiye n'chifukwa chake mawuwo akukutopetsani, pakuti mwapirira kale kokwanira.

Makolo anga ankasimba za njala ya 1949, ndipo ine ndidaona ndi maso anga njala ya 2002, pamene anthu ankadya zitsinde za nthochi ndi gaga. Amene adapulumutsa ana awo sanali ongokhala pakhonde kudikira, koma amene adayenda mtunda wautali kukasuma, amene adasintha chakudya, amene sadachite manyazi kukapempha ganyu kwa munthu amene kale ankamuderera. Nthawi yomweyo ya njalayo, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, William Kamkwamba, adasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi, koma ankapitabe kukabwereka mabuku kulaibulale, mpaka adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, njinga yakale ndi mitengo ya bulugama. Sadapirire chabe, adalimbikira.

DigiriMchikwama
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, nkhani ya a Kamkwamba timaimva pamsonkhano uliwonse wa achinyamata, ndipo ine imandipweteka m'malo mondilimbikitsa. Anyamata amene adasiya sukulu m'chaka chimenecho analipo ambirimbiri, ena anzeru kuposa ife tonse, koma sitiwadziwa chifukwa palibe mtolankhani amene adafika pamudzi pawo. Makinawo adaima ku Wimbe zaka zingapo dziko lisanawadziwe. Nkhaniyo idatuluka m'nyuzipepala mu 2006, iwo adakayankhula kumsonkhano ku Arusha mu 2007, ndipo kuchokera apo anthu ena adawalipirira sukulu mpaka adakamaliza kusukulu ya ukachenjede ya Dartmouth ku America. Khama linalipo, sindikukana, koma popanda manja a anthu enawo khamalo likadathera pamudzi pomwepo.

Ine ndidamaliza maphunziro a ukachenjede, makalata ofunsira ntchito ndalemba osawerengeka, ndipo lero ndimakhala pansi pa ambulera kutumizira anthu ndalama pafoni. Mu Meyi 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi. Kodi a MmisiriWaZitsulo akadawotcherera mwakhama lotani kuti zimenezi zisawakhudze? Tikamauza munthu wosauka kuti vuto ndi khama lake, timamusenzetsa mlandu umene si wake.

MphunzitsiWopuma
Mwana wanga, sindidanene kuti vuto ndi khama lawo, ndipo mfundo yako yoti timangowerenga opulumuka okha ndi yoona. Koma taona kuti iwe amene ukutsutsa khama ndiwe yemwe umadzuka m'mamawa kukatsegula ambulera uli ndi digiri m'chikwama. Zochita zako zikutsutsana ndi mawu ako.

DigiriMchikwama
Ndimadzuka chifukwa lendi sidikira, aphunzitsi, osati chifukwa ndili ndi chiyembekezo.

MayiWaUsipa
Ife tonse tidayamba choncho, achimwene. Chiyembekezo chimabwera m'mbuyo ngati mbuzi yotsalira, chimakupezani muli kale panjira.

WakuJoni_Mzimba
Ndiyankhepo za ulendo wa kuno, poti ndakhala ku South Africa zaka zambiri ndipo kwathu ku Mzimba pafupifupi banja lililonse lili ndi munthu kuno. Sindikuletsani kubwera, achimwene, koma mlamu wanuyo mumufunse mafunso atatu asanakutumizireni ndalama ya basi. Mukagona kuti, ntchito imene akunenayo ndi ya ndani, ndipo masiku amene adzakudindireni pachipata akatha mudzatani? Ambiri amene amabwera ndi luso ngati lanu amayamba ndi kusesa m'mabwalo a anthu kapena kugwira ntchito m'mashopu, ndipo wopanda mapepala amalipidwa mmene bwana wafunira chifukwa alibe kokadandaula. Akakugwirani amakutengerani ku Lindela, kumene anthu amadikira kubwezedwa kwawo.

Mu Epulo 2015, anthu atayamba kuukira alendo ku Durban, ine ndidathawa ndi chikwama chimodzi, ndipo anzanga ena adakwera mabasi amene boma lidatumiza n'kubwerera kumudzi chimanjamanja. Ine ndidasamukira ku Johannesburg n'kuyambiranso. Lero ndamanga nyumba ya malata kwathu ndipo ana ali pasukulu, koma bambo anga ndidawaika m'manda kudzera pafoni, ndipo mwana wanga wachisamba amandipatsa ulemu ngati mlendo. Zithunzi zimene timaika pa Facebook titavala majekete si moyo wathu wonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati mukubwera, bwerani chifukwa mwawerengera, osati chifukwa mukuthawa amayi a banki m'khonde, pakuti ngongoleyo idzatsalira akazi anu ndipo ndi iwo amene adzaone manyazi.

Kabaza_Lunzu
Achimwene a ku Joni, kodi masiku ano otengera katundu kumudzi akulipiritsa bwanji njinga yamoto kuchokera kumeneko kufika ku Blantyre? Ndakhala ndikufunafuna munthu woti andiuze zoona.

WakuJoni_Mzimba
Zimatengera munthu wake ndi msonkho wa pachipata cha Mwanza. Mundilembere kumbali ndikufotokozereni, tisasokoneze nkhani ya mnzathuyu.

KalipentalaWaKuZomba
Ndibwerere pamene mayi a usipa adasiyira, chifukwa zimene zidakuchitikirani mu Novembala zidatichitikira amisiri ambiri, ndipo ena tidasintha kagwiridwe ka ntchito kuyambira pamenepo. Ine sinditchulanso mtengo umodzi wophatikiza zipangizo ndi ntchito. Ndimalemba mndandanda wa matabwa, misomali, guluu ndi vanishi, kasitomala amapita nane kukagula yekha kapena amandipatsa ndalama yonse ya zipangizo tsiku lomwelo, ndipo ine ndimangotchula mtengo wa manja anga. Mitengo ikakwera mawa, yakwerera iye. Akafuna kuti ndigule ndine, ndimalemba papepala kuti mtengowu ukugwira ntchito masiku asanu ndi awiri okha, tonse n'kusainira. Poyamba ena ankakwiya n'kumati sindikuwakhulupirira, koma masiku ano aliyense akudziwa mmene mitengo ikuyendera, moti sakutsutsanso.

Chachiwiri, musafulumire kugula makina ndi ngongole ina. Luso lili m'manja mwanu ndipo matope sadalikokolole. Pezani mnzanu amene ali ndi shedi, mugwirizane kuti oda imene mwaipeza nokha muziigwirira pamakina ake n'kumamupatsa gawo lake. Zimenezi n'zosiyana ndi ganyu amene mukuchita panopa, chifukwa pa ganyu kasitomala ndi wa mwini shedi, pamene apa kasitomala ndi wanu ndipo dzina limene likumveka ndi lanu. Ine ndidagwira motero chaka chathunthu nditabedwa zipangizo. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, n'zoona, choncho mugwirizane poyambirira kuti chikaonongeka alipira ndani.

Chachitatu, musadikire mageti ndi mafelemu okha. Anthu akasowa ndalama amaimitsa zomanga, koma saleka kuphika. Mbaula, ziwaya za tchipisi, kukonza mawilibala ndi makaliyala a njinga za kabaza ndi ntchito zazing'ono, koma zimabweretsa ya ndiwo tsiku lililonse ndipo zambiri zimapangidwa ndi zidutswa zimene ena amataya.

MmisiriWaZitsulo
Amisiri anzanga, apa ndiye mwandigwira pamtima. Kunena zoona, pa oda ija ndidachita manyazi kupempha ndalama yonse ya zitsulo chifukwa ndinkaopa kuti mwininyumba aona ngati ndine mmisiri wosauka n'kupita kwina. Ndidafuna kuoneka ngati ndayambiranso bwinobwino pamene ndinali ndisanaime.

Mlimi_wa_ku_Balaka
Ife alimi funso lanuli timakumana nalo chaka chilichonse, chifukwa munda sufunsa ngati chaka chatha udakolola. Mu 2024 mvula idadula mu Januwale ndi Febuluwale chimanga chili pafupi kumasula, ndipo mu Marichi boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Ine ndidathira feteleza wogula ndi ndalama ya mbuzi ziwiri, koma ndidakolola matumba osakwana atatu pamunda umene umatulutsa makumi awiri. Bambo anga akadakhala moyo akadandiuza kuti ndibzalenso chimanga chomwecho pamalo pomwepo n'kudikira chifundo cha Mulungu, ndipo anthu akadawatama kuti ndi opirira. Ine ndidaona kuti kubwereza chinthu chimene chakukanika katatu osasintha kalikonse si kupirira, ndi kuuma mutu.

Sindidasiye ulimi, ndidasiya kulima mmene ndinkalimira. Gawo lina la munda ndidaika nandolo ndi mapira, zimene zimapirira ng'amba. Kudimba ndidabzala mbatata yofiira m'kati ndi masamba, n'kumathirira ndi kheni. Chimanga ndimabzala m'maenje ophimbira ndi mapesi kuti chinyontho chisathawe, ndipo m'malo modalira thumba lathunthu la feteleza ndimapanga wa Mbeya, kusakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono wa kusitolo, n'kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Ntchito yake ndi yambiri kuposa kale ndipo sindidalemere, koma ana sagona ndi njala. Ndiye poyankha funso lanu, ine ndimati musasiye ntchito imene mumaidziwa, koma siyani njira imene yakugwetsani.

DigiriMchikwama
Bambo a ku Balaka, malangizo anu ndi abwino, koma onani kuti tonse pano tikuphunzitsana mmene tingakhalire ndi moyo m'nyumba yodontha, palibe amene akufunsa chifukwa chake denga silikukonzedwa. Freddy adapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000, ndipo oposa theka la miliyoni adasowa pokhala. Anthu ambiri amene adamanga m'mbali mwa phiri la Soche sadamange kumeneko chifukwa chokonda mapiri, koma chifukwa malo abwino mumzinda sangawakwanitse. Mitengo ya m'phirimo idatha chifukwa mzinda wonse umaphikira makala. Tikangoti aliyense alimbikire payekha, mvula ina ikadzabwera tidzafukulanso anthu ndi makasu.

Mlimi_wa_ku_Balaka
Denga likonzedwe ndithu, ndipo pokafunsa za dengalo mudzanditenge, ndidzapita nanu. Koma usiku uno mvula ikugwa, ndipo mwana ayenera kusunthidwa pamene pakudonthapo. Zinthu ziwirizi sizilimbana.

MphunzitsiWopuma
Apa ndikugwirizana ndi mnyamatayu kuposa poyamba. Ife a m'badwo wathu tidaphunzitsidwa kupirira mwakachetechete, ndipo zina zimene tidazipirira sizinali zoyenera kupiriridwa. Mu 1992 ndi 1993 anthu atasiya kungopirira n'kuyamba kuyankhula, dziko lidasintha pa referendamu ya pa 14 Juni 1993. Choncho kufunsa mafunso nakonso ndi kulimbikira. Chimene ndikukukaniza, mwana wanga, ndi kulola mkwiyo kuti ukudye mpaka uleke kuona kuti ambulera yakoyo ikhoza kubala shopu.

NamwinoWaUsiku
Ndawerenga zonse pa nthawi yopuma, ndipo pali chiganizo chimodzi chimene palibe wachitola. Bambowa ayamba ndi kunena kuti kunyumba sangathe kuyankhula momasuka, ndipo anenanso kuti adafukula anansi awo m'matope. Bambo, ndikufunseni mosapita m'mbali: kodi mumagona tulo? Kodi mvula ikayamba kugunda pamalata usiku mtima wanu umatani? Ndikufunsa chifukwa anthu ambiri amene adaona zimene mudaonazo amabwera kuchipatala akudandaula mutu, kuthamanga kwa mtima ndi kufooka, tikawayeza malungo osawapeza, ndipo pocheza nawo m'pamene zimadziwika kuti chimene chikuwadwalitsa ndi zimene adaona. Kutopa kumene mukukumvako mwina si kwa ngongole yokha.

Tidakula tikumva kuti mwamuna salira, ndipo mawu amenewa atipititsira abambo ambiri kumanda, ena chifukwa cha ngongole zochepa kuposa yanuyi. Kuvutika maganizo ndi matenda ngati ena onse ndipo thandizo lake lilipo. Pachipatala cha boma mukhoza kupempha kuonana ndi wachipatala woona za maganizo, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amagwira ntchito yomweyi. Ngati tsiku lina maganizo ofuna kudzivulaza atakufikirani, musakhale nokha ngakhale ola limodzi, uzani munthu nthawi yomweyo. Komanso mayi a kunyumbawo musawabisire. Ngongoleyo ili m'dzina lawo, ndipo ndikutsimikiza kuti nawonso sagona, aliyense akuyang'ana khoma lake poopa kulemetsa mnzake.

MkuluWaMpingo_Ntcheu
Anamwino anena zimene ife a mipingo timalephera kunena. Timathamangira kuuza munthu kuti Yobu adapirira, koma timaiwala kuti anzake a Yobu atafika adakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osayankhula kanthu, ndipo zinthu zidayamba kuipa pamene adatsegula pakamwa n'kuyamba kumufotokozera chifukwa chake akuvutika. Timaiwalanso kuti Yobu yemweyo adadandaula kwambiri, mpaka adatemberera tsiku limene adabadwa. Choncho bambo, kudandaula kwanu si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ine ndikupemphererani, koma ndikudziwa kuti pemphero langa silichotsa chiwongoladzanja, ndiye mverani zimene amisiri anzanu akuuzani.

Phwiti77
Ndiye ine ndi mwambi wanga uja ndakhala mnzake wa Yobu. Pepani achimwene, ndidafulumira.

MmisiriWaZitsulo
Musadandaule a Phwiti77, inu ndinu amene mudayamba kundiyankha pamene ena anali chete. Anamwino, funso lanu ndaliwerenga katatu ndisanayankhe. Sindigona bwino chiyambire mwezi wa Freddy uja. Mvula ikayamba usiku ndimadzuka n'kukhala pampando pafupi ndi chitseko nsapato zili kuphazi, ndipo mayi a kunyumba amadziwa koma sitinakambiranepo. Ndinkaona ngati ndi mmene aliyense wa ku Chilobwe akukhalira, ndiye palibe chonena.

Chimene chimandilemera kwambiri si makina, koma tsiku la msonkhano wa banki m'khonde. Akazi anga amapita okha kukakhala pamkeka pakati pa anzawo, dzina lawo n'kumatchulidwa pa anthu amene sanabweze, chonsecho ndalamayo adadya ndine. Ine tsiku limenelo ndimachoka m'mamawa n'kubwera usiku. Ulendo wa ku Joni ndimauganizira kwambiri tsiku limenelo kuposa masiku ena onse, ndiye achimwene a ku Mzimba adalasa pomwepo.

MayiWaUsipa
Bambo, ine ndakhala msungichuma wa banki m'khonde zaka zinayi, ndiye ndikuuzeni mmene amayi timaganizira. Munthu amene timamukwiyira si amene walephera kubweza, koma amene wasowa. Wosowayo ndi amene timakamutengera ndowa, mipando ngakhale malata, chifukwa ndalamazo ndi za amayi anzathu amene nawonso akudikira kugawana pakutha pa chaka kuti agule feteleza ndi kulipira fizi. Koma mwamuna akabwera yekha pamsonkhano, n'kukhala pansi, n'kunena kuti ndalamayi ndidagwiritsa ntchito ndine ndipo ndikhoza kumabweza mwakutimwakuti sabata iliyonse, magulu ambiri amamva. Kwathu tidaimitsapo chiwongoladzanja cha mayi wina amene nyumba yake idapsa, n'kumulola kubweza mpamba wokha pang'onopang'ono. Sindingalonjeze kuti gulu la akazi anu lichita chimodzimodzi, chifukwa gulu lililonse lili ndi malamulo ake, koma simudziwa musanapemphe. Mupite ndi kanthu m'manja ngakhale kochepa, ndipo musalonjeze ndalama imene simungaikwanitse pofuna kuoneka bwino, paja mwanena nokha kuti manyazi ndi amene adakugwetsani ulendo watha.

WakuJoni_Mzimba
Mukakonza zimenezo kenako n'kuonabe kuti mukufuna kubwera, mudzandiuze, ndidzakufotokozerani za mapepala ndi malo amene amafuna owotcherera. Joni sathawa.

DigiriMchikwama
Ine maganizo anga pa za denga sanasinthe, ndipo ndipitiriza kuwanena. Koma pamene ndimakhalapo pamadutsa anthu ambiri, ndipo ambulera yanga yathyoka kawiri ndi mphepo. Ngati mungathe kupanga kakhumbi kachitsulo kokhala ndi kauntala ndi kabati yokhoma, anzanga a ntchito imeneyi alipo asanu mumsewu wathu wokha amene akudandaula chimodzimodzi. Zitsulo tigula tokha monga mwa malangizo a akalipentala.

MphunzitsiWopuma
Taonani amene amati alibe chiyembekezo ndiye wabweretsa oda yoyamba.

DigiriMchikwama
Ndabweretsa chifukwa dzuwa likundiwotcha, aphunzitsi, musandiikire mawu m'kamwa.

MmisiriWaZitsulo
Usiku wathawu ndidawawerengera mayi a kunyumba zonse zimene mwalemba, kuyambira pa phwiti mpaka pa ambulera. Adalira, kenako adaseka, kenako adandiuza kuti msonkhano wa gulu lawo uliko Lachinayi masana ndipo tipitira limodzi. Za kuchipatala ndamva, ndipo adati akandiperekeza okha kuti ndisabwerere panjira. Mnzanga wina wa ku Zingwangwa wavomera kuti ndizigwirira pamakina ake madzulo iye akaweruka, ndipo za chimene chingaonongeke tikambirana mawa. Mlamu wanga ndamuuza kuti adikire kaye.

A DigiriMchikwama, munditumizire kumbali muyeso wa malo amene mumakhalapo, m'litali ndi m'lifupi, ndiponso mundiuze ngati kakhumbiko kazigona pomwepo kapena muzikanyamula madzulo, chifukwa chitsulo chake chimasiyana.

MayiWaUsipa
Mukamaliza za achinyamatawo mundipangire mbaula ziwiri zazikulu, yanga idabooka pansi. Koma mtengo wake tikambirane bwino, bambo, chifukwa ine ndine wa mumsika ndipo sindigula chinthu osanenerera.